Kuphunzitsa ndi kufufuza za chitetezo cha makompyuta pa yunivesite: mafunso ndi mayankho

Ophunzira a digiri ya zamakompyuta akamayandikira kumaliza, mafunso amene amabwera nawo pakhomo la ofesi yanga amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka. Wina akufuna kudziwa ngati ntchito ya pa yunivesite ili ndi tsogolo, wina akungofuna munthu womuuza kuti asaope masamu. Ndawasonkhanitsa pano mafunsowo. Ena ndayankha mwachidule poti yankho lake n'lalifupi, ena ndatambasula.

Kodi munthu wa ntchito imeneyi amatani tsiku ndi tsiku?

Chotsani kaye m'maganizo chithunzi cha mnyamata wovala juzi yakuda, ali mumdima, akugogoda kiyibodi ngati ng'oma. Mphunzitsi wa zachitetezo cha makompyuta nthawi yake yambiri imathera pa kuwerenga, kulemba ndi kuchonga. Ntchito yake ili patatu: kuphunzitsa, kufufuza, ndi zina za pasukulu monga misonkhano ya dipatimenti, kuunika mapepala a anzake ndi kulemba makalata opempha ndalama za kafukufuku. Gawo lachitatuli palibe amene amakuuzani polowa, koma limadya masiku.

Nthawi yokhala pansi n'kumasanthula disiki kapena pulogalamu yoononga ilipo ndithu, kungoti imachepa mukamakwera. Wophunzira wa PhD amagwira zida yekha kuyambira m'mawa mpaka usiku. Pulofesa nthawi zambiri amangoona zimene ophunzira ake apeza, n'kuwafunsa funso limodzi lomwelo: "Wadziwa bwanji?" Mukamva funso limeneli n'kusangalala m'malo mokwiya, ntchitoyi ikhoza kukuyanjani.

Chitetezo cha makompyuta ndi kufufuza umboni wa m'makompyuta, si chinthu chimodzi?

Ndi pachibale, koma sagona nyumba imodzi. Wachitetezo amayang'ana kutsogolo: wakuba angalowere pati, ndipo titsekepo bwanji. Wofufuza umboni, ntchito imene amaitcha digital forensics, amafika zinthu zitaonongeka kale. Iye amafunsa kuti chinachitika n'chiyani, nthawi yanji, anachita ndani, ndipo zimenezo angazisonyeze bwanji pamaso pa woweruza popanda loya wa mbali inayo kuzigwetsa.

Mizu ya ntchito yachiwiriyi ndi yakale kuposa kompyuta. Mu 1910 Edmond Locard anatsegula labu ya apolisi ku Lyon, m'dziko la France, ndipo mfundo yodziwika ndi dzina lake imati munthu akakhudza chinthu amasiyapo kanthu, nayenso amatengapo kanthu. Pa kompyuta mfundoyi imagwira ntchito mochititsa mantha. Mu February 2005 munthu amene anapha anthu 10 ku Kansas pakati pa 1974 ndi 1991 anatumiza kadisiki ka floppy ku wailesi ya kanema ya mumzinda wa Wichita. Kadisikiko katafika kwa apolisi, anapezamo fayilo ya Microsoft Word imene inali itafufutidwa, koma inasungabe dzina la tchalitchi china cha Lutheran ndiponso dzina la amene anaisintha komaliza, "Dennis". Pasanathe milungu iwiri Dennis Rader anamangidwa, atazemba zaka 30.

Mbali ya chitetezo nayo ili ndi tsiku lake lokumbukira. Pa 2 November 1988 Robert Tappan Morris, wophunzira wa pa Cornell University, anatulutsa pulogalamu yodzifalitsa yokha imene inagwetsa makompyuta ambirimbiri pa intaneti ya nthawiyo. Mwezi womwewo bungwe la CERT, lothandiza makompyuta akaukiridwa motere, linakhazikitsidwa pa Carnegie Mellon University. Eugene Spafford wa pa Purdue University anali mmodzi mwa amene anaisanthula pulogalamuyo, ndipo pambuyo pake anayambitsa likulu la kafukufuku la CERIAS. Morris uja anapezeka wolakwa kukhoti mu 1990, koma anadzakhala pulofesa pa MIT. Musatengerepo phunziro lolakwika. Si onse amene amapatsidwa mwayi wachiwiri wotero.

Tionetseni pang'ono mmene umboni umatengedwera. N'chiyani chovuta pamenepo?

Tiyerekeze kuti akubweretserani laputopu m'thumba lomata, lolembedwa nambala ya mlandu. Chinthu choyamba si kuiyatsa ayi. Mukangoiyatsa, yayamba kale kulemba mafayilo atsopano ndi kusintha nthawi zolembedwa pa akale, ndipo umboni mwaudetsa ndi manja anu. Mumasaina kaye pafomu yosonyeza amene wakupatsani, tsiku ndi nthawi. Mumajambula thumbalo lisanatsegulidwe. Kenaka mumachotsa disiki, n'kuilumikiza ku kompyuta yanu kudzera pa kachipangizo kotchedwa write blocker, kamene kamalola kuwerenga koma kamakana chilichonse cholembedwa. Mumakopera disiki yonse, ngakhale malo ooneka ngati opanda kanthu, chifukwa mafayilo ofufutidwa amagona m'menemo.

Ndiye pamabwera hash. Ndi masamu amene amameza disiki yonse n'kutulutsa mzere waufupi wa zilembo ndi manambala. Wa mtundu wa SHA-256 umakhala ndi zilembo 64. Mumawerengera hash ya disiki yeniyeni ndi ya kope lanu. Zikafanana, kope lanu ndi lenileni. M'kalasi ndimawauza ophunzira kuti alembe chiganizo chimodzi, awerengere hash yake, kenaka achotse kadontho komaliza n'kuwerengeranso. Mzere wonse umasinthiratu, osati chilembo chimodzi. Pamenepo m'kalasi mumakhala zii kwa kanthawi, ndipo ndimadziwa kuti zalowa.

Kuvuta kwake n'kwakuti malamulo amenewa amasemphana okhaokha. Mukapeza kompyuta ili chiyakire, kuizimitsa kumataya zonse za mu RAM, mmene kompyuta imasungira zinthu kwa kanthawi ikamagwira ntchito, kuphatikizapo makiyi otsegulira disiki yotsekedwa ndi encryption, njira yobisira zolembedwa kuti wopanda kiyi asaziwerenge. Chikalata cha RFC 3227 cha mu 2002 chimalangiza kuti muyambe kutenga zimene zimazimirira msanga. Koma kuti mutenge za mu RAM muyenera kuyendetsa pulogalamu pa kompyutayo, kutanthauza kuti mwaisintha. Ma SSD, ma disiki amakono opanda mbali zozungulira, nawo anabweretsa mutu wina wopweteka: chifukwa cha lamulo lotchedwa TRIM, disikiyo imatha kumafufuta yokha zotsalira ikangolandira magetsi, ngakhale mwaikapo write blocker. Apa m'pamene wofufuza wa pa yunivesite amapezera ntchito. Wapolisi ali ndi milandu yambiri pa desiki, alibe miyezi isanu ndi umodzi yoyesera ma SSD 40 kuti aone mmene iliyonse imachitira. Inu muli nayo.

Ndiyambire pati? Ndipo masamu ndi ofunika motani?

Yambani ndi maziko, osati zida. Dziwani mmene operating system, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, imagawira memory, mmene mafayilo amasanjidwira pa disiki, mmene uthenga umayendera pa netiweki. Phunzirani zilankhulo zolembera mapulogalamu: C kuti muone pamene mapulogalamu amathyokera, Python kuti muzilemba tizida tanu, ndi assembly pang'ono kuti muziwerenga pulogalamu imene mwini wake sanakupatseni zolemba zake. Zida zofufuzira umboni monga EnCase, FTK kapena Cellebrite zimasintha chaka chilichonse. Wodziwa maziko amaphunzira chida chatsopano pa mlungu umodzi, pamene wodziwa kudina mabatani okha amasowa chonena chidacho chikanama.

Za masamu zimatengera kumene mukulowera. Ngati ndi cryptography, luso lobisa uthenga ndi masamu, palibe pothawira. Ngati ndi kufufuza umboni kapena chitetezo cha netiweki, chofunika kwambiri ndi statistics, kuti muzidziwa pamene zotsatira zanu zili zenizeni ndi pamene zangochitika mwamwayi. Pali ena amene analowa kudzera ku zamalamulo, zachuma kapena maphunziro a kaganizidwe ka anthu, ndipo anasintha gawo lonseli. Mu 1999 Alma Whitten ndi Doug Tygar anapatsa anthu 12 pulogalamu ya PGP 5.0 kuti atumize imelo yotsekedwa pa mphindi 90. Ambiri analephera, ena mpaka anatumiza chinsinsicho chili poyera. Masamu a pulogalamuyo anali olimba, koma munthu sankatha kuigwiritsa ntchito.

PhD ndi yofunikadi? Masatifiketi a zantchito sangakwane?

Ngati mukufuna kutsogolera kafukufuku ndi kuyang'anira ophunzira a digiri zapamwamba, PhD ndi yofunika pafupifupi kulikonse. Ndi Masters mukhoza kuphunzitsa m'makoleji ndi m'mayunivesite ambiri, makamaka ngati munagwirapo ntchitoyi kunja, koma pokwezedwa mudzafika pamene njira yatsekeka.

Kutalika kwake kumasiyana ndi dziko. Ku United States PhD imatenga zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi chifukwa imayamba ndi makalasi. Ku Britain ndi zaka zitatu kapena zinayi. M'mayiko monga Netherlands ndi Sweden wophunzira wa PhD kawirikawiri amalembedwa ngati wantchito wa yunivesite, amalandira malipiro. Pambuyo pake ambiri amachita zaka zingapo ngati postdoc, pa kontirakiti yaifupi, asanapeze malo okhazikika. Ku America mphunzitsi watsopano amayesedwa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi asanapatsidwe tenure, kutanthauza ntchito yokhazikika.

Masatifiketi ali ndi ntchito yake. CISSP imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka zisanu. Mayeso a OSCP amakukhazikani pafupifupi maola 24 mukuthyola makompyuta a mayesowo. GCFA imalemekezedwa pakati pa ofufuza umboni. Amasonyeza kuti mumadziwa zimene zikudziwika kale. PhD imasonyeza kuti mukhoza kupeza chimene sichinadziwike, n'kuchiteteza pamaso pa anthu ofuna kuchigwetsa. Komiti yolemba aphunzitsi imayang'ana chachiwirichi.

Langizo langa limodzi pa ndalama: m'gawo lino musalipire nokha PhD ngati pali njira ina. Fufuzani malo olipiridwa kale, kapena thandizo monga la DAAD, la Commonwealth, kapena la Marie Skłodowska-Curie.

Ndisankhe bwanji supavaiza ndi mutu wa kafukufuku?

Supavaiza ndi wofunika kuposa dzina la yunivesite. Mudzakhala naye zaka zinayi, ndipo akakhala wosayankha maimelo, chikwangwani chokongola cha pageti sichidzakuthandizani. Werengani mapepala ake atatu atsopano musanamulembere. Kenaka funsani ophunzira ake, makamaka amene anamaliza kale, poti iwowo saopanso kanthu. Afunseni kuti amakumana naye kangati pa mwezi, anamaliza pa zaka zingati, ndipo pepala litakanidwa iye anatani.

Pa mutu, vuto la ambiri si kusowa koma kuchuluka. Lero malware, mawa blockchain, mkuja magalimoto odziyendetsa okha. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sankhani funso laling'ono loti mukhoza kuliyankha ndi zida ndi data zimene mungazipezedi. Chitsanzo chimene ndimachikonda n'cha Simson Garfinkel ndi Abhi Shelat, amene pa nthawi imene anali ophunzira pa MIT anagula mahadi disiki akale 158 pamsika wa zinthu zogwiritsidwa kale ntchito. Zotsatira zinatuluka mu 2003: ma disiki 12 okha ndi amene anafufutidwa bwinobwino, ndipo m'ma disiki enawo anapezamo manambala a makadi a kubanki oposa 5,000, pamodzi ndi zolemba za kuchipatala ndi makalata a anthu. Funso lake linali losavuta kulimva, zida zake zinali zotsika mtengo, koma pepalalo likutchulidwabe mpaka lero.

Kodi patsala choti n'kufufuza, kapena akuluakulu anamaliza kale zonse?

Patsala zambiri, chifukwa chilichonse chimene tinkachidalira chimadzapezeka ndi chibowo. MD5, hash imene Ronald Rivest anapanga kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, inagwa mu 2004 pamene Xiaoyun Wang ndi anzake anasonyeza kuti zinthu ziwiri zosiyana zingatulutse hash imodzi. SHA-1 inatsatira mu February 2017, pamene akatswiri a CWI ku Amsterdam ndi a Google anatulutsa mafayilo awiri a PDF osiyana koma a hash yofanana. Mu 2008 gulu la pa Princeton linasonyeza kuti RAM siiwala nthawi yomweyo magetsi akazima, ndipo ukaiziziritsa imasunga zinthu kwa mphindi zingapo, zokwanira kubamo makiyi. Mu January 2018 zibowo zotchedwa Spectre ndi Meltdown zinaulula kuti vuto lili mu purosesa mwenimwenimo, ndipo ena mwa amene anazitulukira anali ofufuza achinyamata a pa Graz University of Technology ku Austria.

Lero mitu yotentha ndi monga umboni wa m'mafoni otsekedwa ndi encryption, umboni wosungidwa pa makompyuta a kampani ina kudziko lina, kuzindikira mavidiyo ndi mawu opangidwa ndi AI, ndi kusamukira ku njira zotsekera uthenga zimene kompyuta ya mtundu watsopano yotchedwa quantum singathyole, zimene NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo, inatulutsa malamulo ake oyamba mu August 2024. Palinso ntchito ngati ya Citizen Lab ya pa University of Toronto, imene mu 2016 inaulula pulogalamu yaukazitape ya Pegasus itafufuza mauthenga okayikitsa amene Ahmed Mansoor, womenyera ufulu wa anthu ku United Arab Emirates, analandira pa foni yake.

Gawo limene ndimaona kuti anthu amalinyoza koma ndi lofunika kwambiri ndi loyesa zida zofufuzira umboni kuti tione ngati zimanena zoona. Pa mlandu wina wotchuka wa kupha ku Florida mu 2011, khoti linauzidwa kuti tsamba lonena za chloroform linatsegulidwa ka 84 pa kompyuta ya m'nyumbamo. Wopanga pulogalamu imene inatulutsa nambalayo ataunikanso anapeza kuti linatsegulidwa kamodzi kokha. Kafukufuku wotere sakupangitsani kutchuka, koma moyo wa munthu umatha kupachikika pa nambala ngati imeneyo.

Zotsatira ndizifalitsa kuti?

Mosiyana ndi magawo ambiri a sayansi, kuno misonkhano imalemekezedwa kuposa magazini. Inayi yaikulu ndi IEEE Symposium on Security and Privacy, umene unayamba mu 1980, ACM CCS, USENIX Security ndi NDSS. Kawirikawiri mwa mapepala asanu otumizidwa, limodzi lokha kapena osakwana ndi limene limalandiridwa. Ofufuza umboni ali ndi DFRWS, msonkhano umene unayamba mu 2001 ku Utica, New York. Muuzeni msanga mkulu wa dipatimenti yanu za zimenezi, chifukwa makomiti ena okweza anthu pantchito amangowerenga za m'magazini, pepala la pamsonkhano n'kuliona ngati losafunika.

Kukanidwa n'kwa aliyense. Pepala limatha kubwezedwa katatu lisanalandiridwe, ndipo wounika mmodzi amaoneka ngati sanaliwerenge n'komwe. Lolani mkwiyo uphwe masiku awiri, kenaka werenganinso ndemangazo. Nthawi zambiri mwa zisanu, zitatu zimakhala zoona. Chenjerani ndi magazini amene amakulemberani imelo yokutamandani n'kulonjeza kusindikiza pa masiku asanu mukalipira. Pepala likalowa m'menemo latayika, ndipo dzina lanu ladetsedwa.

Ndikapeza chibowo m'pulogalamu ya kampani ina, nditani? Sandimanga?

Lamulo loyamba: musayese chitetezo cha kompyuta imene si yanu popanda chilolezo cholembedwa. Mayiko ambiri ali ndi malamulo oletsa zimenezi, monga Computer Fraud and Abuse Act ya 1986 ku America ndi Computer Misuse Act ya 1990 ku Britain, ndipo mawu akuti "ndimangofufuza" sapulumutsa munthu.

Mukapeza chibowo m'njira yovomerezeka, mwambo wake ndi kuuza kaye eni pulogalamuyo mwachinsinsi n'kuwapatsa nthawi yokonza. CERT/CC, bungwe la pa Carnegie Mellon lija, imapereka masiku 45, pamene Project Zero, gulu la Google lofufuza zibowo, imapereka masiku 90. Ngakhale mutatsata zonsezi, mukhoza kukumana ndi maloya. Mu 2013 Volkswagen inapeza chiletso ku High Court ya ku London choimitsa pepala la Flavio Garcia wa pa University of Birmingham ndi anzake awiri a pa Radboud University, lonena za kufooka kwa kachipangizo ka Megamos koteteza magalimoto kwa akuba. Pepalalo linadzatuluka mu 2015. Mu 2010 bungwe la mabanki opereka makadi ku Britain linapempha University of Cambridge kuti ichotse pa intaneti kafukufuku wa wophunzira wina wonena za chibowo cha makadi a chip ndi PIN. Ross Anderson, amene anali pulofesa pa yunivesiteyo, anakana poyera. Choncho musanavomere ntchito, funsani ngati yunivesiteyo ili ndi maloya amene adzaime nanu zikavuta.

Koma nthawi zina wolakwa amakhala wofufuzayo. Mu April 2021 oyang'anira Linux kernel, mtima wa operating system ya Linux, analetsa University of Minnesota yonse kutumizako zosintha, atadziwa kuti ofufuza a kumeneko anatumiza dala zosintha zolakwika pofuna kuona ngati zidzagwidwa. Anthu amene ankaunika zosinthazo sanauzidwe kuti akuyesedwa. Pepalalo linachotsedwa pa msonkhano wa IEEE wa chaka chimenecho. Ofufuzawo ankaona ngati akuyesa pulogalamu, chonsecho ankayesa anthu. Werengani Menlo Report ya 2012, chikalata cha khalidwe loyenera pa kafukufuku wa zamakompyuta, musanayambe kafukufuku aliyense wokhudza anthu kapena data yawo, ndipo pitani ku komiti yoona za khalidwe pa kafukufuku ngakhale mukuganiza kuti sizikukukhudzani.

Kuphunzitsa ana a eni kuthyola makompyuta, si kusula akuba kumeneko?

Funsoli makolo amafunsa, akuluakulu a sukulu amafunsanso. Yankho langa n'lakuti wokonza maloko amene sanathyolepo loko sangakuuzeni loko wolimba. Ndipo wofuna kuba sadikira kalasi yanga, zonse zili pa intaneti kale. Chimene kalasi imaonjezera ndi malire. Mlungu woyamba timakambirana malamulo, wophunzira aliyense amasaina pepala lolonjeza kuti zimene aphunzire adzaziyesa mu labu mokha, ndipo labuyo imakhala yodulidwa ku netiweki ya sukulu.

Ngakhale zili choncho, ngozi sizilephera. Chaka china wophunzira wanga analakwitsa nambala imodzi polemba adiresi ya kompyuta yoti aiyese, ndipo m'malo mofufuza kompyuta ya mu labu anayamba kugogoda pa makina a ofesi ina. Foni inalira pasanathe mphindi khumi. Iye analakwa, koma kulakwa kwakukulu kunali kwanga, chifukwa chingwe chimene chinayenera kukhala chozula chinali chilumikizire. Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndaona ndekha kuseli kwa switch, kachipangizo kolumikiza makompyuta a mu labu, ophunzira asanalowe.

Yunivesite yopanda ndalama zambiri ingakhale ndi labu yabwino?

Inde. Autopsy ndi The Sleuth Kit, zimene anayambitsa Brian Carrier, ndi zaulere. Volatility yosanthulira RAM, Wireshark ya netiweki, ndi Ghidra yosanthulira mapulogalamu, imene NSA, bungwe la zachitetezo la boma la America, inatulutsa poyera mu 2019, zonse ndi zaulere. SEED Labs za Wenliang Du wa pa Syracuse University zili ndi zoyeserera zokonzeratu, picoCTF ya Carnegie Mellon ndi poyambira pabwino pa mipikisano, ndipo Digital Corpora imapereka makope a ma disiki opangidwira kuphunzitsa, opanda zinsinsi za anthu enieni. Mapepala a USENIX amawerengedwa kwaulere. Chodula ndi zida zotsegulira mafoni, zimene laisensi yake imalipiridwa chaka ndi chaka. Ngati simungazikwanitse, phunzitsani maziko a mmene foni imasungira zinthu. Chidacho adzachipeza kuntchito.

Kodi ndidzaitanidwa kukhoti ngati mboni?

N'zotheka, makamaka ngati muli mbali ya umboni. Dziwani kuti katswiri amatumikira khoti, osati amene wamulipira. Ku America, chigamulo cha Daubert cha 1993 chimafuna kuti woweruza aone ngati njira imene katswiri wagwiritsa ntchito inayesedwapo, inaunikidwa ndi akatswiri ena, ndipo kulakwitsa kwake n'kodziwika. Mayiko ena ali ndi malamulo awo, koma loya wa mbali inayo kulikonse amafunsa zofanana: munalemba liti zimenezi, disiki inali m'manja mwa yani pakati pa Lachiwiri ndi Lachinayi, nanga wotchi ya kompyutayo inali yolondola? Mlandu suola, ndiye mukhoza kufunsidwa za ntchito imene munagwira zaka zinayi zapitazo. Chokupulumutsani ndi kabuku kanu ka zolemba.

Chovuta kwambiri ndi kunena kuti "umboniwu sukufika pamenepo" pamene aliyense m'chipindamo akufuna kuti munene zambiri. Kompyuta imasonyeza kuti akaunti inatsegula fayilo. Siisonyeza amene anakhala pampando. Nkhani ya Post Office ya ku Britain iyenera kuphunzitsidwa m'kalasi iliyonse ya gawo lino. Pakati pa 1999 ndi 2015, oyang'anira mapositi ofesi oposa 900 anaimbidwa milandu ya kuba ndi chinyengo potengera manambala a pulogalamu ya Horizon, yopangidwa ndi Fujitsu, imene inali ndi zolakwika. Ena anapita kundende, ena anataya nyumba. Makhoti ankangoganiza kuti kompyuta sinama. Mu April 2021 khoti la apilo linafafaniza zigamulo 39 tsiku limodzi.

Makampani amalipira bwino kuposa yunivesite. Ndikhalirenji?

N'zoona, ndipo sindikubisirani. Wophunzira wanu wa chaka chatha akhoza kumalandira kuposa inu pasanathe zaka zitatu. Chimene yunivesite imapereka ndi ufulu wosankha funso lanu ndi ufulu wofalitsa yankho, ngakhale likhale lowawa kwa kampani yaikulu. Ambiri amaphatikiza: amaphunzitsa, n'kumagwirako ntchito yaulangizi masiku ochepa pa mwezi monga mmene malamulo a yunivesite yawo amalolera. Khomo silitsekeka mbali zonse ziwiri. Kungoti kubwerera ku yunivesite mutakhala zaka zambiri osafalitsa pepala kumavuta kuposa kutulukamo.

Pali china chimene anthu satchula, choti ndidziwiretu?

Chilipo. Ofufuza umboni amene amathandiza apolisi amaona zinthu zoipa kwambiri: zithunzi za nkhanza kwa ana, mavidiyo a kuphana, mauthenga omaliza a anthu amene anadzipha. Zimenezi zimatsalira m'mutu, ndipo ena amasiya ntchito chifukwa cha zimenezo. N'chifukwa chake zida zamakono zimayerekeza hash ya fayilo ndi mndandanda wa mafayilo oipa odziwika kale, kuti munthu asamatsegule chithunzi chilichonse ndi maso ake. Ngati mukuphunzitsa, auzeni ophunzira zimenezi chaka choyamba, osati tsiku loti akuyamba ntchito. Ngati apolisi akupemphani thandizo pa mlandu wotere, funsani kaye mmene malamulo a dziko lanu amanenera, poti m'mayiko ambiri kungosunga zithunzi zoterozo ndi mlandu ngakhale mukhale pulofesa. Ntchitoyo igwiridwire mu labu ya apolisi, pa makina awo, ndipo musalole kuti wophunzira aikhudze.